Daniel Malekebu: Dotolo woyamba amene Zomba idamutsekera khomo

Mukafunsa anthu ambiri m'dziko muno kuti Mmalawi woyamba kukhala dotolo wa chipatala adali ndani, yankho silichedwa: Kamuzu. Palibe angawadzudzule, pakuti kwa zaka 30 dzina la Dr Hastings Kamuzu Banda ndilo linkamveka pawailesi, m'nyimbo ndi m'mabuku a kusukulu.

Koma mbiri ikunena zina. Pamene Banda ankalandira digiri yake ku Meharry Medical College m'dziko la Amereka mu 1937, n'kuti patatha zaka 20 chitulukireni pasukulu yomweyo mnyamata wina wa ku Chiradzulu. Dzina lake adali Daniel Sharpe Malekebu, ndipo adamaliza maphunziro a udotolo mu 1917.

Ulendo wokafuna maphunziro adauyamba wapansi. Atawapeza, boma la atsamunda lomwe linkalamula kuchokera ku Zomba lidamukaniza kulowa m'dziko lake lomwe. Padatenga zaka zina zisanu kuti khomo litseguke.

Lero achinyamata akulimbirana malo m'sukulu za udotolo, m'malabotale ndi m'maphunziro osanthula ziwerengero pakompyuta. N'koyenera kuti adziwe amene adayamba kulambula njirayi, komanso mtengo womwe adalipira.

Mwana wa pamishoni ya Chilembwe

Malekebu adabadwa cha m'ma 1889 m'boma la Chiradzulu, m'banja la Chiyao. Ali mnyamata, Mbusa John Chilembwe adabwerako ku Amereka n'kutsegula mishoni ya Providence Industrial Mission, yomwe ambiri amangoti PIM, pa Mbombwe mu 1900. Malekebu adali mmodzi mwa ana oyamba kuphunzira pamenepo.

Mishoniyi idali yosiyana ndi ya Blantyre kapena Livingstonia. Mwini wake adali munthu wakuda, ndipo amishonale omwe adabwera kudzamuthandiza adalinso akuda ochokera ku Amereka: Mbusa Landon Cheek ndi mayi Emma DeLaney. Mwana wophunzira pa Mbombwe ankaona ndi maso ake kuti khungu lakuda sililetsa munthu kuvala jekete, kuphunzitsa m'kalasi kapena kuyendetsa sukulu.

Mayi DeLaney adaphunzira pasukulu ya atsikana ya Spelman mumzinda wa Atlanta, ndipo adali ndi luso la unamwino. Iwo adamutenga Malekebu kuti aziwathandiza ntchito zapakhomo komanso kuwatanthauzira Chingerezi. Apa ndi pamene mnyamatayu adaonera pafupi momwe chilonda chimatsukidwira ndi momwe wodwala amasamalidwira.

Cha m'ma 1905 mayiwa adabwerera kwawo. Malekebu adafunitsitsa kutsagana nawo, koma abale ake sadalole. Tisawaweruze msanga. Makolo a nthawiyo adali ataona ndi maso awo malonda a akapolo, ndipo kwa iwo mwana wopita kunyanja yamchere adali mwana wotayika.

Mnyamatayu adathawa. Adayenda wapansi makilomita mazanamazana mpaka kudoko la Beira m'dziko la Mozambique. Kumeneko adapeza ganyu m'sitima yapamadzi yomwe idamufikitsa ku Mangalande, ndipo kuchoka uko adaoloka nyanja ya Atlantic mpaka ku New York. Zonsezi adachita asadakwanitse zaka 20.

Sukulu ziwiri zokha

Ku Amereka adalandiridwa ndi akuluakulu a mpingo wa National Baptist Convention, womwe ndiwo unkathandiza Chilembwe. Adayamba maphunziro ku Selma University m'chigawo cha Alabama, kenaka ku National Training School mumzinda wa Durham ku North Carolina, asadalowe ku Meharry mumzinda wa Nashville, Tennessee.

Tisaganize kuti kumeneko adakafika pamtendere. Kummwera kwa Amereka kudali tsankho lokhazikitsidwa ndi malamulo: akuda sukulu zawo, zipatala zawo, mipando yawo m'sitima. Sukulu ya Meharry, yomwe idayamba mu 1876, idatsegulidwa chifukwa sukulu zambiri za udotolo sizinkalandira anthu akuda.

Mu 1910 mwayi udacheperanso. Chaka chimenecho kudatuluka lipoti la Abraham Flexner lomwe lidaunika sukulu zonse za udotolo m'dzikolo. Zotsatira zake, mwa sukulu zisanu ndi ziwiri zophunzitsa madotolo akuda, zisanu zidatsekedwa. Zidatsala ziwiri zokha, Howard ku Washington ndi Meharry. Pakhomo lopapatiza chotere ndi pomwe mwana wa ku Chiradzulu adadutsira.

Atalandira digiri mu 1917, adakaonjezera luso la zachipatala ku Philadelphia, ndipo adachitanso maphunziro a Baibulo ku Moody Bible Institute mumzinda wa Chicago. Mu 1919 adakwatira Flora Zeto, yemwe adabadwira ku Congo koma adaleredwa ndi amishonale ku Amereka ndipo naye adaphunzira ku Spelman. Awiriwa adagwirizana chimodzi: kubwerera ku Africa.

Zomba ya masiku amenewo

Pamene Malekebu ankaphunzira kutsidya kwa nyanja, zonse za dziko la Nyasaland zinkagamulidwa ku Zomba. Tauniyi idakhala likulu kuyambira 1891. Patsinde pa phiri, pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi, padali nyumba ya Bwanamkubwa, maofesi a boma, asirikali a King's African Rifles, ndende yaikulu komanso likulu la zachipatala. Kukatentha, azungu ankakwera pamwamba pa phiri kukapuma kumphepo yayeziyezi.

Kafukufuku wa zaumoyo adalipo kale. Dotolo wa boma Hugh Stannus adapeza matenda a pellagra pakati pa akaidi a ndende ya Zomba, ndipo zomwe adapeza zidasindikizidwa ku London mu 1912. Awa ndi matenda omwe amathetheka nawo khungu, kutsekula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Lero tikudziwa kuti amabwera munthu akamasowa vitamini wotchedwa niacin, makamaka akamadalira chakudya chamtundu umodzi monga chimanga. Nthawi imeneyo gwero lake lidali lisadadziwike, choncho kuwerenga odwala ndi kulemba zizindikiro zawo kudali kofunika zedi.

M'zaka zomwezo, katswiri wina Sir David Bruce adatsogolera gulu lofufuza matenda a kaodzera, omwe amafalitsidwa ndi ntchentche za kashembe, kufikira pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka mu 1914.

Nanga eni dziko adali pati pantchito imeneyi? Adalipo, koma kumbuyo. Ankamanga zilonda, kunyamula katundu, kugwira ntchentche ndi kutanthauzira mafunso. Mishoni za Blantyre ndi Livingstonia zinkaphunzitsa achinyamata kukhala othandizira madotolo, ndipo ena adaonetsa luso lalikulu. Koma makwerero adathera pomwepo. M'dziko monse mudalibe sukulu ya sekondale, osanenanso ya udotolo.

Mmodzi mwa othandizira madotolo odziwika bwino adali John Gray Kufa, yemwe adaphunzira pamishoni ya Blantyre. Iye adagwirizana ndi Chilembwe pa kuukira kwa pa 23 January 1915, ndipo boma litamugwira lidamunyonga. Chilembwe adaphedwa pa 3 February, tchalitchi chake cha pa Mbombwe chidaphulitsidwa, ndipo mishoni idatsekedwa.

Kuchokera apo, akuluakulu a ku Zomba adatola phunziro lawolawo: munthu wakuda wophunzira ku Amereka ndi woopsa.

Khomo lotseka

Mu 1921 Malekebu ndi mkazi wake adafika m'malire a Nyasaland. Bwanamkubwa nthawiyo adali Sir George Smith, yemweyo amene adalipo pa nthawi ya kuukira kwa 1915. Boma lake lidakana kuti banjali likhale m'dziko muno.

Malekebu sadagwirepo mfuti. Pamene Chilembwe ankaukira, iye adali m'kalasi ku Nashville. Mlandu wake udali wakuti adaphunzira pa Mbombwe ndipo adakaphunzira ku Amereka. Kuonjezera apo, zidali zaka zomwe mfundo za Marcus Garvey zoti Africa ndi wa anthu akuda zinkafalikira, ndipo maboma a atsamunda ankachita nazo nthumanzi.

Taganizani za dziko lomwe lidabweza dotoloyu. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 idali itapha amtengatenga ambiri. Mliri wa chimfine wa 1918 ndi 1919 udali utangosesa midzi. Malungo, nthomba, chindoko, njoka zam'mimba ndi zilonda zosapola zidali ponseponse. Madotolo a boma adali ochepa kwambiri, ndipo ntchito yawo yoyamba idali kusamalira azungu ndi asirikali. M'dziko lotere, dotolo wolankhula Chiyao ndi Chinyanja adauzidwa kuti abwerere komwe wachokera.

Banjali lidalowera ku South Africa, komwe lidakhala kanthawi ku Cape Town, kenaka ku Liberia, komwe Malekebu adagwira ntchito pasukulu ya Ricks Institute. Luso lomwe likadathandiza anthu a ku Chiradzulu, Zomba ndi Mulanje lidakathandiza ena.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Otsala a mpingo wa PIM kumudzi sadaleke kupempha kuti mishoni yawo itsegulidwe, ndipo akuluakulu a National Baptist Convention adapitiriza kukambirana ndi boma. Mu 1926, Bwanamkubwa ali Sir Charles Bowring, chilolezo chidaperekedwa. Malekebu adaponda pa Mbombwe patatha zaka pafupifupi 20 chichokereni.

Kumanga pabwinja

Adapeza bwinja. Tchalitchi chidali mulu wa njerwa, sukulu zidali zitatha, ndipo akhristu ambiri adali atamwazikana ndi mantha. Boma nalo lidamulola uku likumuyang'anira ndi diso lakuthwa. Chaka chomwecho cha 1926, Isa Macdonald Lawrence, yemwe adali wogwirizana ndi PIM, adagamulidwa kukakhala kundende zaka zitatu chifukwa cholowetsa m'dziko nyuzipepala ya Garvey yotchedwa Negro World. Uthenga kwa Malekebu udamveka bwino lomwe.

Iye adasankha kuyenda mosamala. Adatsegulanso sukulu, adayambitsa chipatala pamishoni, ndipo adamanga tchalitchi chachikulu chatsopano. Anthu omwe amasonkhana ku PIM pa 15 January chaka chilichonse kukumbukira Chilembwe amapemphera m'tchalitchi chomwe chidamangidwa mu utsogoleri wa Malekebu. Mayi Flora nawo adagwira ntchito yaikulu yophunzitsa amayi ndi atsikana.

Kusamala kwake sikudali kugona. Mu 1929 adatsogolera kukhazikitsidwa kwa Chiradzulu District Native Association, bungwe lomwe linkalankhulira anthu pa nkhani za malo, msonkho ndi thangata. Thangata idali ntchito yomwe anthu okhala m'minda ya azungu ankakakamizidwa kugwira ngati lendi, ndipo idali imodzi mwa nkhani zomwe zidakwiyitsa Chilembwe. Kusiyana kwake n'kwakuti Malekebu adamenya nkhondoyi ndi misonkhano ndi makalata opita kwa DC ndi ku Zomba.

Mpingo udakula mpaka kufika m'maiko oyandikana nafe, kutsatira Amalawi omwe ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'minda ya ku Rhodesia ndi ku Joni. Mu 1945 Malekebu adakhazikitsa National Baptist Assembly of Africa kuti alumikize mipingoyi.

Apa pali chinthu chofunika kuchiona. Munthu yemwe adaphunzira udotolo adathera mphamvu zake zambiri pa ubusa, kumanga sukulu ndi kusaka ndalama. China n'chakuti ubusawo udali maitanidwe ake. Koma china n'chakuti dongosolo la zachipatala la atsamunda lidalibe mpando wa dotolo wakuda. Kudalibe labotale yoti afufuzemo, kudalibe sukulu yoti aphunzitsemo madotolo ena, ndipo mapepala a ku Amereka sankalemekezedwa mofanana ndi a ku Mangalande.

Banda adakumana ndi khoma lomweli. Atamaliza ku Meharry adayenera kupita ku Edinburgh kukatenga ziphaso za ku Britain, zomwe adalandira mu 1941. Ngakhale adatero, njira yodzagwira ntchito kwawo mofanana ndi madotolo achizungu idali yotseka, ndipo adakhazikika ku Liverpool, North Shields ndi London. Adabwera mu 1958, koma osati kudzagwira ntchito m'chipatala.

M'zaka za m'ma 1930 boma lidayamba kuphunzitsa othandizira madotolo pachipatala cha anthu akuda ku Zomba. Ambiri mwa iwo ndiwo adanyamula zipatala za m'maboma kwa zaka zambiri, ndipo kumudzi ankatchedwa adokotala. Komabe, mwana wa Nyasaland wofuna digiri ya udotolo adayenerabe kutuluka m'dziko.

Malekebu adatsogolera PIM kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Zaka zake zomaliza sizidali zophweka, pakuti mumpingo mudabuka kusamvana pa za utsogoleri. Adamwalira mu 1978, ataona dziko lake likulandira ufulu mu 1964, koma asadaone sukulu ya udotolo m'dziko muno.

Zomba yasintha

Sukuluyo, College of Medicine, idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Apa n'kuti patatha zaka 74 Malekebu atalandira digiri yake, ndi zaka 13 atamwalira. Mu 2021 idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ambiri amaitcha KUHeS.

Zomba idasiya kukhala likulu mu 1975, koma tauni yomwe kale inkatseka makomo lero ndi ya maphunziro. Chancellor College idasamukira ku Chirunga mu 1973, ndipo tsopano ndiyo University of Malawi. Kumeneko achinyamata amaphunzira sayansi ya zamoyo, masamu ndi makompyuta, ndipo kuli digiri yachiwiri ya biostatistics, yomwe ndi luso logwiritsa ntchito masamu pofufuza za matenda. Anamwino amaphunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences mtauni momwemo komanso ku St Luke's ku Malosa.

Ku Zomba komweko kuli likulu la National Statistical Office, ofesi yomwe imachititsa kalembera. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, pamene wa 2018 adapeza oposa 17.5 miliyoni. Ofesiyi imachititsanso kafukufuku wa zaumoyo m'mabanja, yemwe amatiuza kuti ndi ana angati akumwalira asadakwane zaka zisanu, angati ndi opinimbira, ndiponso amayi angati akuchirira kuchipatala. Popanda ziwerengero zotere, boma lingamagule mankhwala ndi kumanga zipatala mongopenekera.

Ichi ndicho chifukwa chake masiku ano dotolo yekha sakwanira. Pafunika wina wodziwa kuyeza magazi ndi kuunika tizirombo mulabotale, ndi winanso wodziwa kusonkhanitsa, kuyeretsa ndi kusanthula ziwerengero zambirimbiri pakompyuta, ntchito yomwe pa Chingerezi amati data science. Mutu umodzi susenza denga.

Malo ophunzirira luso limeneli alipo. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe lidayamba mu 1995 pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, limatenga achinyamata omaliza digiri yoyamba n'kuwaphunzitsa kafukufuku mpaka ena kufika pa PhD. Ku Chilumba m'boma la Karonga kuli kafukufuku yemwe adayamba mu 1979 pofufuza khate, ndipo lero akupitirira pansi pa bungwe la MEIRU, lomwe limatsata umoyo wa anthu a m'deralo chaka ndi chaka.

Zipatso zake zaoneka. Njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo aakulu, yomwe imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, imatchedwa Blantyre Coma Scale chifukwa idapangidwira kuno. Mu 2018 ana pafupifupi 28,000 a ku Blantyre adatenga nawo mbali pa kafukufuku wa katemera wa taifodi, ndipo mu 2023 katemerayo adayamba kuperekedwa m'dziko lonse. Mu April 2019, Malawi idakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'zipatala zake.

Funso lomwe adatisiyira

Komabe, mbiri ya Malekebu ikutichenjeza kuti kuphunzitsa munthu ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi kumupatsa malo ogwiritsira ntchito zomwe waphunzirazo. Mu 1921 chidamubweza chidali chikalata cha Bwanamkubwa. Lero palibe amabwezedwa pachipata, koma achinyamata ena amamaliza maphunziro a zaumoyo n'kukhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito, ndipo ena amatopa n'kulowera ku South Africa, Lesotho kapena ku Mangalande. Odwala a ku Chingale kapena ku Mayaka amataya chimodzimodzi monga adatayira a ku Chiradzulu zaka 100 zapitazo.

Chachiwiri, ndalama zambiri zoyendetsera kafukufuku ndi maphunziro a pamwambawa zimachokera kunja. Zomwe zidachitika mu 2025, pamene boma la Amereka lidadula thandizo lochuluka la zaumoyo lopita kumaiko osauka, zidaonetsa kuopsa kodalira nkhokwe ya mnzako. Wolipira ndiyenso kawirikawiri amasankha mafunso oti afufuzidwe. Ngati Amalawi angokhala osonkhanitsa magazi ndi ziwerengero, kusanthula ndi kulemba n'kumachitikira kwina, ndiye kuti sitidachoke kwenikweni pomwe adali anyamata ogwira ntchentche a David Bruce.

Chachitatu ndi cha kumudzi. Malekebu adafika ku Meharry chifukwa pa Mbombwe padali sukulu, ndipo pasukulupo padali mphunzitsi yemwe adaona nzeru zake. Mwana wa sukulu yoyendera ya kumudzi yomwe ilibe labotale, magetsi kapena mphunzitsi wa masamu sangafike pa digiri ya biostatistics ngakhale khomo la ku Chirunga litatseguka chotani.

Kwa wachinyamata wofuna kulowa m'ntchitozi, njira lero siyodutsa ku Beira. Imayamba ndi masamu, biology, chemistry ndi Chingerezi pa mayeso a MSCE, kenaka digiri yoyamba, kenaka kuphunzira ntchito pansi pa ofufuza akale m'mabungwe omwe tatchulawa. Ndi ulendo wautali ndithu, koma wonse utha kuyendedwa munthu asadaoloke malire.

Ku Zomba kulinso National Archives, nkhokwe ya makalata akale a boma, komwe ofufuza mbiri amakawerenga momwe atsamunda ankalemberana za anthu ngati Malekebu. Pamtunda wosakwana ola limodzi wapansi kuchokera pamenepo, adzukulu a anthu omwe ankaletsedwa kupitirira pa kumanga zilonda akuphunzira sayansi m'makalasi a ku Chirunga. Ambiri mwa iwo sadamvepo dzina la Daniel Sharpe Malekebu. Ndi udindo wa aphunzitsi awo, ndi wa ife tonse, kuwauza.